Kalata yotseguka: kunjenjemera kwa maekisikaveta akale kukutha misana ya maopareta ku Zomba

Kwa akuluakulu a Unduna wa Zantchito, a Malawi Bureau of Standards, a bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, a TEVETA, ndi a makhonsolo a mzinda ndi boma la Zomba.

Olemekezeka akuluakulu,

Ndikulemba kalata iyi kuchokera ku Zomba, komwe ndimagwira ntchito yokonza makina okumbira, ndipo nkhani imene ndabwera nayo pamaso panu ndi ya kunjenjemera kwa maekisikaveta ogwiritsidwa kale ntchito omwe akulowa m'dziko muno. Kunjenjemeraku kukudwalitsa anthu amene amakhala m'makinawa tsiku lonse, kukuthyola makina enieniwo nthawi isanakwane, ndipo kukukweza mtengo wa ntchito zomwe boma ndi makhonsolo amalipira ndi misonkho ya anthu. Chimene chandilimbitsa mtima kuti ndilembe n'chakuti vutoli limayezeka ndi chipangizo, magwero ake amadziwika, ndipo ambiri mwa magwerowo amakonzeka ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mtengo wa makinawo. Chomwe chikufunika ndi mawu ochokera kwa inu eni udindo, onena poyera kuti makina ogwedeza munthu mopyola muyeso asapatsidwe ntchito kufikira atakonzedwa.

Sindikupempha kuti makina akale aletsedwe. Ekisikaveta yatsopano ya matani 20, ya msinkhu wa Komatsu PC200, Caterpillar 320 kapena Hitachi ZX200, imafuna ndalama zakunja zochuluka zedi, ndipo kontirakitala wamng'ono wa ku Zomba, Machinga kapena Phalombe sangayandikire n'komwe mtengo wake. Makina omwe tili nawo anagwirapo kale ntchito ku Japan, ku China, ku Britain kapena ku South Africa, ndipo amafika kuno kudzera m'madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Ndi makina amenewa omwe amakumba maziko a masukulu, ngalande za m'mbali mwa misewu, maiwe a nsomba ndi ngalande za ulimi wamthirira. Pamene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula milatho ndi kukwirira misewu m'chigawo cha kummwera, makina a mtundu womwewu anali nawo pa ntchito yochotsa matope ndi miyala. Tidzawadalirabe kwa zaka zambiri zikubwerazi, ndipo n'chifukwa chake tiyenera kugwirizana za momwe makina akale ayenera kukhalira munthu asanakwezedwemo.

Wogula makina otere amayang'ana ngati injini ikulira bwino, ngati sikufuka utsi wambiri, ndiponso ngati mkono ukunyamula baketi yodzaza. Ambiri amagula atangoona zithunzi ndi kanema pa WhatsApp, ndipo penti yatsopano imabisa zambiri. Mita yowerenga maola ikhoza kukhala yakufa, yosinthidwa kapena yobwezedwa m'mbuyo, choncho nambala yomwe ikuoneka siuza wogula zaka zenizeni za ntchito zomwe makinawo asenza. Buku la malangizo nthawi zambiri silibwera, ndipo likabwera limakhala la Chijapani kapena Chitchaina. Kusowa kwa bukuli si nkhani yaing'ono, chifukwa lamulo la makina la mayiko a European Union la chaka cha 2006 limakakamiza opanga makina oyenda kulemba m'bukumo kuchuluka kwa kugwedezeka komwe woyendetsa adzakumana nako. Mpando, womwe ndi wofunika koposa pa thanzi la opareta, sufunsidwa n'komwe pogula.

Ndiloleni ndikhalepo pang'ono pa za momwe kugwedezeka kumafikira msana wa munthu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Opanga makina anaika zotchinga zitatu pakati pa chitsulo ndi thupi la opareta. Choyamba ndi malabala amene injini imakhalapo, omwe ntchito yake ndi kumeza kunjenjemera kwa injini kuti kusalowe m'chitsulo chonyamula makina onse. Malabalawa amauma ndi kutentha, amafewa ndi kusweka akamathiridwa oyilo ndi dizilo wodontha, ndipo akatha injini imakhala ngati yawotchereredwa ku chitsulocho. Chachiwiri ndi zogwirizira kanyumba komwe opareta amakhalamo. M'makina ambiri a zaka zaposachedwa zogwirizirazi zimakhala ndi labala pamodzi ndi mafuta olimba a silikoni m'kati mwake, ndipo mafutawo akatayika kanyumbako kamayamba kulandira kugunda kulikonse kwa baketi. Chachitatu ndi mpando, umene uli ndi sipiring'i kapena thumba la mpweya, shoko yaing'ono, ndi chowongolera choti opareta auchune molingana ndi kulemera kwa thupi lake. Pali muyeso wa padziko lonse wotchedwa ISO 7096 womwe mipando ya makina ena ogwira ntchito za dothi, monga mabuludoza ndi magireda, imayezedwera, umboni wakuti mpando wa makina otere ndi chida chotetezera munthu mofanana ndi chipewa cholimba kapena lamba.

Zimene ndimapeza m'makina ambiri obwera kudzakonzedwa n'zomvetsa chisoni. Shoko ya mpando imakhala yakufa, kotero mpando umadumpha ndi kukagunda pansi pa bampu iliyonse, ndipo kugunda kumeneku ndi koopsa kuposa kunjenjemera kosalekeza. Ena akatopa ndi kudumphako amalowetsa thabwa kunsi kwa mpando kapena kuuwotcherera kuti usasunthenso, ndipo ena amachotsa mpando wonse n'kuikapo wa minibasi kapena wa lole, womwe ulibe chomezera kugwedezeka. Malabala a injini akatha, m'malo mwake mumalowa zidutswa za matayala. Sindikunyoza amakanika anzanga amene amachita izi, chifukwa amakhala atauzidwa kuti makina adzuke lero ndipo sanapatsidwe ndalama zogulira chipangizo choyenera. Koma zotsatira zake n'zakuti zotchinga zitatu zonse zimachoka, ndipo chimene chimatsala kuti chimeze kugwedezeka ndi mafupa a opareta.

Pamwamba pa izi, makina okalamba amabala kugwedezeka kochuluka kuposa momwe ankachitira ali atsopano. Mapini ndi mabushi a bumu (chitsulo chachikulu chonyamula mkono), mkono ndi baketi akadyeka chifukwa chosowa girizi, pamakhala mpata, ndipo nthawi iliyonse baketi ikamaluma nthaka kapena kutaya dothi chitsulo chimamenya chinzake. Bering'i yaikulu imene makina amazungulirapo ikayamba kugwedera, gawo lonse la pamwamba limapendama ndi kubwerera pa kukumba kulikonse. Matcheni omwe makinawa amayendera m'malo mwa matayala, okokedwa mopitirira kapena olekerera, marola ophwatalala mbali imodzi, ndi mano otha a gudumu loyendetsa tcheni zimachititsa kuti makina aziyenda modumphadumpha. Ku injini, manozo osapopera bwino dizilo amachititsa kuti masilinda asagwire ntchito mofanana, fani yothyoka phiko limodzi imagwedeza kutsogolo konse, ndipo cholumikizira injini ndi pampu chikadyeka chimawonjezera phokoso ndi kunjenjemera. Pampu ya hayidiroliki ikamakoka mpweya chifukwa cha oyilo wochepa, sefa yotsekeka kapena paipi yobooka, imalira mokukuta ndipo mkono umayenda monjenjemera, zimene opareta amazimva m'manja ndi m'mapazi.

Nthaka ya kuno ku Zomba nayo sithandiza. Phiri la Zomba ndi la mwala wolimba kwambiri, ndipo m'madera a m'munsi mwake amene anthu akumangamo nyumba, wokumba maziko sachedwa kukumana ndi thanthwe kapena miyala ikuluikulu yomwe inagubuduka kalekale. Apa baketi imachotsedwa n'kumangapo hamala yoswera miyala, kapena, choipa koposa, opareta amauzidwa kuti amenye mwala ndi baketi yomweyo. Malo ambiri ndi otsetsereka, ndipo makina akaikidwa pamalo osasalazidwa amagwira ntchito akutsamira mbali imodzi, opareta atapotoza thupi kuti aone m'dzenje. Palinso chizolowezi choyendetsa ekisikaveta mtunda wautali pa matcheni ake pofuna kupewa kulipira lobedi, lole yaikulu yonyamulira makina. Mabuku a opanga makina amasonyeza kuti kukumba dothi wamba ndi makina osamalidwa bwino kumagwedeza munthu pang'ono, kuswa miyala ndi hamala kumagwedeza koposerapo, ndipo kuyenda pa matcheni ndi kumene kumakankha mpando m'mwamba ndi pansi kwambiri. Ndiye kuti ntchito ziwiri zimene zimagwedeza kwambiri ndi zomwe zachuluka kuno, ndipo zikugwiridwa ndi makina opanda zotchinga.

Thupi la munthu wokhala pansi limavutika kwambiri pamene mpando ukukwera ndi kutsika ka 4 mpaka ka 8 pa sekondi iliyonse, chifukwa pa liwiro limenelo msana ndi ziwalo za m'mimba zimavomereza kugwedezekako ndi kukukulitsa m'malo mokuchepetsa. Timinofu tofewa timene timalekanitsa mafupa a msana timafinyika ndi kumasuka kambirimbiri pa tsiku, minofu ya m'chiuno imakhala yokungika nthawi yonse pofuna kugwira thupi, ndipo pakapita zaka munthu amayamba kumva kuwawa kwa msana wa m'munsi kosatha, ululu wotsikira m'mwendo, dzanzi ku zala za kumapazi, ndi kuuma kwa khosi ndi mapewa. Aliyense amene anakwerapo kumbuyo kwa lole pa msewu wafumbi wokumbika amadziwa mmene chiuno chimawawira pofika, ndipo opareta wa makina opanda mpando wabwino amakhala pa ulendo wotere kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sabata ndi sabata. N'zoona kuti msana umawawa pa zifukwa zambiri, monga kukhala malo amodzi nthawi yaitali, kupotoza thupi, kunyamula zigubu za dizilo, ndi kudumpha kuchokera pa tcheni m'malo motsika bwinobwino. Koma zifukwa zimenezi zimakulirakulira zikakumana ndi kugwedezeka, ndipo msana umene wagwedezeka kwa maola ambiri ndi wosavuta kuvulala munthu akangotsika n'kunyamula chinthu cholemera.

Maopareta ambiri sanena za ululu wawo kwa abwana. Amadziwa kuti kunja kwa mpanda kuli achinyamata ena amene akudikira mwayi womwewo, choncho amagula mankhwala opha ululu pa golosale, amamanga nsalu m'chiuno, n'kukweranso makina. Kumwa mankhwala oterewa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri kuli ndi zoopsa zake pa chifu ndi impso. Ndimaona amuna a zaka za m'ma 40 akutsika m'makina atagwira m'chiuno ngati okalamba, ndipo akasiya ntchito palibe pepala lililonse losonyeza kuti matenda awo anachokera pa mpando umenewo. Palinso ngozi ya tsiku lomwelo: munthu wogwedezeka kwa maola ambiri amatopa msanga, maso ake sakhazikika, ndipo dzanja lake silikhalanso lolondola, pamene m'dzenje pansi pa baketi muli anzake ogwira mafosholo. Ndisaiwalenso anyamata othandizira amene amagwira hamala ya m'manja ndi makina otsendera dothi. Iwo kugwedezeka kumawalowera m'manja, kumawononga mitsempha ya magazi ndi ya uthenga ya m'zala, ndipo zizindikiro zake, monga dzanzi ndi kuyera kwa zala, zimaonekera kwambiri kukazizira, monga mmene kumakhalira kuno mu Juni ndi Julayi.

Zonsezi zili ndi muyeso wake. Muyeso wa ISO 2631-1 wa chaka cha 1997 umalongosola kayezedwe ka kugwedezeka kwa thupi lonse: pa mpando pamaikidwa kachipangizo kophwatalala, opareta amakhalapo n'kumagwira ntchito yake monga mwa masiku onse, ndipo kachipangizoko kamawerenga kugwedezeka kwa m'mwamba ndi pansi, kwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndi kwa m'mbali. Lamulo la European Union la 2002/44/EC linaika malire awiri pa tsiku la maola 8. Kugwedezeka kwa thupi lonse kukafika pa 0.5 m/s² (m/s² ndi muyeso wa mphamvu ya kugwedezeka) wolemba ntchito ayenera kuyamba kuchitapo kanthu, ndipo sikuloledwa kupitirira 1.15 m/s². Pa kugwedezeka kolowera m'manja malirewo ndi 2.5 m/s² ndi 5 m/s². Dziko la Britain linaika manambala omwewa m'malamulo ake mu 2005. Chofunika kuchimvetsa pa kawerengedweka n'chakuti kugwedezeka kukawirikiza kawiri, nthawi yofikira malire imatsika kanayi. Makina ogwedeza pa 0.5 m/s² amafika pa malire oyamba pakatha maola 8, koma ogwedeza pa 1.0 m/s² amafikapo pakangotha maola awiri. Izi zikutanthauza kuti shoko yakufa ya mpando umodzi ikhoza kusandutsa tsiku lovomerezeka la ntchito kukhala tsiku lovulaza, ngakhale maola atakhala omwewo. Ena mwa makina amene tikugula akuchokera m'mayiko omwe manambalawa ndi lamulo, ndipo sindikuona chifukwa choti msana wa Mmalawi uziyezedwa ndi muyeso wotsika kuposa wa munthu amene anayendetsa makina omwewo asanatsike m'sitima.

Muzu wina wa vutoli uli m'kalipiridwe. Makina a hayala amalipiridwa pa ola kapena pa tsiku, choncho mwini wake amaona tsiku lokonza ngati tsiku lotaya ndalama. Wobwereka amafuna kuti maola amene walipira agwire ntchito yochuluka, ndipo sakondwa kuona makina ataima kuti opareta awongole msana kapena athire girizi. Opareta nayenso nthawi zambiri amakhala waganyu wopanda mgwirizano wolembedwa, amene malipiro ake amadalira maola omwe makina alira. Pa anthu atatuwa palibe amene amapindula lero ndi kusintha mpando, ndipo amene adzalipire mawa ndi wofooka koposa pa onsewo. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti nkhaniyi ingathe ndi kulangiza kokha. Pamafunika wina wochokera kunja kwa mgwirizano wawo, wokhala ndi mphamvu ya lamulo kapena mphamvu yopereka ntchito, woti anene zoyenera kutsatidwa.

Eni makina ayeneranso kumva kuti kugwedezeka kumene kukupweteka opareta kukudyanso chuma chawo. Chitsulo chikamapindika pang'onopang'ono kambirimbiri chimatopa, ndipo ming'alu imayambira m'mbali mwa zowotcherera, makamaka pa tsinde la bumu, pomwe masilinda amagwira, ndi pa mkono pafupi ndi baketi. Mng'alu ukangophimbidwa ndi chowotcherera pamwamba osausema mpaka pamene wathera, umabwereranso pambali pake. Mabawuti amamasuka, ndipo a pa bering'i yozungulira akamasuka ngoziyo ndi yaikulu. Radiyeta imang'ambika m'makona, mawaya opita ku kompyuta ya makina amaduka m'kati mwa chikopa chake n'kumabweretsa mavuto obwera ndi kupita amene amatha masiku kuwafufuza, ndipo mapaipi a hayidiroliki amakhulana ndi chitsulo mpaka kuphulika. M'mapaipi amenewa mumayenda oyilo wa mphamvu yopitirira 300 bar, wokwanira kuboola khungu la munthu, ndipo paipi yonyamula bumu ikaphulika katundu akhoza kugwera amene ali pansi. Oyilo wotayikayo nayenso satha pomwepo. Makina ambiri amagwira ntchito m'mphepete mwa mtsinje wa Likangala ndi mitsinje imene imathira mmenemo, ndipo madzi amenewa amakathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe inalembedwa pa mndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar mu 1997 ndipo imadyetsa mabanja ambiri a asodzi ndi alimi a mpunga. Kuyendetsa makina mtunda wautali pa matcheni kumatenthetsa marola ndi magiya oyendetsera, omwe ali m'gulu la zipangizo zodula kwambiri, ndipo kumakumbanso phula limene khonsolo idzafunika kukonza. Ndalama ya lobedi imene yapulumutsidwa lero imatuluka kangapo pambuyo pake.

Malamulo oti muimirepo alipo kale. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti antchito ake ali otetezeka ndi athanzi pa ntchito, ndipo makina ali m'gulu la zinthu zimene ayenera kuzisamala. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limanena za chipukuta misozi kwa ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito. Mu Novembala 2019 dziko lathu linavomereza mapangano a bungwe la International Labour Organization a nambala 155 ndi 187, okhudza chitetezo ndi umoyo pa ntchito. Bungwe lomweli lili ndi pangano la nambala 148 la 1977 lonena mwachindunji za mpweya woipa, phokoso ndi kugwedezeka, ndipo mndandanda wake wa matenda obwera chifukwa cha ntchito wa 2010 umatchula matenda a minofu, mafupa, mfundo ndi mitsempha oyamba ndi kugwedezeka. Pempho langa kwa a Unduna wa Zantchito ndi lakuti mulengeze poyera manambala a malire amene eni makina ayenera kutsatira, m'Chichewa chomveka kwa opareta, ndiponso kuti oyendera malo a ntchito akhale ndi chipangizo choyezera, ngakhale chimodzi pa chigawo, kuti akafika pamalo asamangoona zipewa ndi nsapato koma aziyezanso mpando. Ngakhale popanda chipangizo, woyendera wophunzitsidwa akhoza kuona mpando wowotchereredwa, labala wosweka ndi pini yogwedera m'mphindi zochepa.

Kwa a Malawi Bureau of Standards, omwe akhala akuyang'anira miyeso ya katundu kuyambira 1972, ndikupempha kuti makina okumbira ogwiritsidwa kale ntchito aziunikidwa polowa, ndipo pakhale pepala lofotokoza za mpando, malabala a injini, zogwirizira kanyumba, lamba ndi ming'alu ya bumu, komanso buku la malangizo la m'Chingerezi. Makina olephera asabwezedwe, koma asaloledwe kuyamba ntchito mpaka zolakwikazo zitakonzedwa. Pa mfundo yomweyi ndikupempha kuti mukambirane ndi a Unduna wa Zachuma ndi a Malawi Revenue Authority za msonkho wa mipando ya makina, mashoko ake ndi malabala, kuti zipangizo zoteteza munthu zikhale zotsika mtengo ndi zopezeka ku Blantyre ndi ku Zomba. Makanika amadula tayala chifukwa labala weniweni sapezeka pafupi kapena amafuna masabata kuti afike.

Mphamvu yaikulu koposa, m'kuona kwanga, ili ndi inu amene mumapereka ntchito: khonsolo ya mzinda wa Zomba, khonsolo ya boma la Zomba, a Roads Authority, ndi bungwe loyang'anira makontirakitala limene ambiri timalidziwa ndi dzina la NCIC. Kontirakitala amamvera chimene chalembedwa mu mgwirizano chifukwa malipiro ake amadalira pamenepo. Mukalemba kuti makina aliwonse obwera pa ntchito ya boma aziunikidwa asanayambe, kuti mpando wosagwira ntchito ndi chifukwa chokwanira choimitsira makina, kuti kusamutsa ekisikaveta kupitirira mtunda wochepa kuzichitika pa lobedi ndipo mtengo wake uziwerengedwa m'bajeti ya ntchitoyo, kuti pa ntchito ya hamala maopareta azisinthana, ndiponso kuti pakhale kaundula wa maola amene munthu aliyense wakhala pa mpando, mudzaona eni makina akusintha msanga kuposa mmene chilango cha kukhoti chingawasinthire. Ndikudziwa kuti izi zidzakweza pang'ono mtengo wa hayala, ndipo ena adzadandaula. Mtengo umenewo ukulipiridwa kale ngakhale lero, kungoti akuulipira ndi maopareta, mabanja awo ndi zipatala za boma. Poika ntchito ya hamala pafupi ndi nyumba za anthu m'malo othinana monga ku Chikanda kapena ku Chinamwali, mgwirizano uzinenanso za kuona makoma a nyumbazo ntchito isanayambe, pakuti zambiri ndi za njerwa zomangidwa ndi dothi.

A TEVETA, amene mwakhala mukutsogolera maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999, ndikupempha kuti muganizire maopareta amene anaphunzira ntchito pothandizira anzawo, omwe ndi ochuluka. Ndi aluso pa kukumba, koma ambiri sanauzidwepo kuti mpando umachunidwa molingana ndi kulemera kwa munthu, kuti malo oimikapo makina ayenera kusalazidwa kaye, kuti kuzungulira ndi kuima mwadzidzidzi kumamenya msana ndi bering'i nthawi imodzi, kuti hamala siyenera kukhalitsa pamalo amodzi kapena kumenya isanatsamire mwala, ndiponso kuti kutsika n'kuyendayenda kwa mphindi zingapo pakati pa ntchito kumateteza msana. Maphunziro a masiku ochepa, ochitikira kuno komweko m'nyengo ya mvula pamene makina ambiri amakhala ataima, akhoza kufikira anthu ambiri, ndipo amakanika tiyenera kukhala nawo m'kalasi lomwelo.

Ndikupemphanso kuti mugwirane manja ndi a zaumoyo, kuti munthu akafika ku chipatala chachikulu cha Zomba kapena ku zipatala zing'onozing'ono za m'boma lino akudandaula msana, funso la ntchito imene amagwira ndi zaka zimene waigwira lizilembedwa m'buku lake la chipatala. Popanda cholembedwa chotere, lamulo la chipukuta misozi silingamuthandize, ndipo inu simungadziwe kukula kwa vutoli. Tili ndi University of Malawi mumzinda momwe muno, ndipo ku Blantyre kuli MUBAS ndi KUHeS, komwe kuli aphunzitsi ndi ophunzira a sayansi, uinjiniya ndi zaumoyo amene angathe kuyeza makina ogwira ntchito kuno ndi kufunsa maopareta, kuti malamulo athu adzakhazikike pa manambala otengedwa pa nthaka yathu.

Poyambira pake pasakhale patali. Ndikupempha kuti makhonsolo awiri a Zomba, mogwirizana ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lino, aitanitse eni makina, maopareta ndi amakanika ku msonkhano umodzi ntchito za chilimwe zisanayambe, agwirizane za pepala lalifupi la zinthu zoyenera kuunikidwa, ndipo makina onse olembedwa pa ntchito za khonsolo chaka chimenecho aunikidwe ndi pepalalo. Maopareta apatsidwe mpata wolankhula abwana awo asali m'chipindamo, ndipo pakhale njira yoti munthu anene za makina oopsa popanda kuopa kuchotsedwa ntchito. Amakanika a kuno tili okonzeka kuthandiza pa kuunikako ndi kusonyeza oyendera anu pamene zolakwikazi zimabisala.

Ine wanu,

Makanika wa makina okumbira,
Zomba